Chifukwa Chimene Sanalembe

Kinanthi analemba zifukwa zisanu papepala long'amba m'kope, n'kulisiya patebulo pafupi ndi tambula ya tiyi ya bambo ake. Anatero chifukwa bambo akewo, Pak Marjuki (kwathu kuno Pak ndiye kuti bambo), si munthu wokambirana naye nkhani yaitali pakamwa. Ukangoyamba, iwo amayamba kufunafuna chipewa, ndipo usanafike pakati amakhala ali kale m'munda wa mbatata, iwe ukuyankhula ndi chitseko.

Nkhani yake inali yotere. Mtsikanayu anakhoza bwino mayeso ndipo anapeza malo kuwiri. Kwina kunali kukoleji ya m'tauni ya Wonosobo, kumunsi kwa phiri lathu, koti munthu apita m'mawa, madzulo n'kudzagona kwawo. Kwina kunali kuyunivesite ya ku Yogya, maola anayi pabasi. Bambo ake ankafuna zapafupi. Iye mtima unali ku Yogya, ndipo kulembetsa kumeneko kunkatha Lachinayi nthawi ya 3 koloko masana. Wolembetsa ankayenera kutsala komweko, poti maphunziro a obwera kumene ankayamba m'mawa mwake.

Pak Marjuki anatenga pepala lija, analitalikitsa ndi maso monga amachitira anthu okana magalasi, n'kuyamba kuwerenga mokweza.

"Choyamba. 'Ndi mzinda wa ophunzira, amabwera kuchokera kuzilumba zonse.' Ehe. Ndiye kuti mukachuluka nzeru zimalowa msanga?"

"Malizani kaye, Pak."

"Chachiwiri. 'Ndi mzinda wakalekale, muli nyumba ya mafumu, ndipo akachisi amiyala ali pafupi.' Nduk, mwana wanga, ukupita kukaphunzira kapena kukajambulitsa?"

Kinanthi anatola kansalu. Ankapukuta mbale youma kale.

"Chachitatu. 'Chakudya n'chotchipa.' Kuno n'chaulere. Chachinayi. 'Ndi mzinda wamoyo, tsiku lililonse kuli magule, oimba m'misewu ndi zionetsero.' Ichi walakwitsa pochiika. Ichi ndi changa, chokukaniza nacho."

Atafika pa chachisanu mawu anatsika. Chinali choti ku Yogya kuli aphunzitsi odziwa matenda a mbatata, ndipo chiwawu chinali chitawaotchera munda nyengo ziwiri zotsatizana. Chimenechi anawerenga chamumtima. Anamwa tiyi, n'kulipinda pepalalo pakati.

"Chachisanu ndi chimodzi chili kuti?"

"Zilipo zisanu basi, Pak."

"Ndakulera ndekha zaka khumi ndi ziwiri. Ukamanama umapukuta mbale zouma."

Chifukwa chachisanu ndi chimodzi chinali ndi dzina. Chinali Ngatirah, mayi ake a Kinanthi. Anachoka mwanayu ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, akuti kukagwira ntchito yolemba maluwa ndi phula pansalu za batik ku Yogya kwa chaka chimodzi chokha. Chaka choyamba kunkabwera timaphukusi, mwina diresi, mwina maswiti, kamodzi nsapato zazikulu kuposa phazi. Chaka chachiwiri kunabwera kalata yothetsa ukwati. Kenaka zii. Pakhomopo dzina lawo linaleka kutchulidwa. Panalibe amene analetsa, linangofota lokha monga njira imene anthu asiya kudutsamo.

Ndiyetu chaka chatha Yu Parmi, mayi woperekeza malole a kabichi kumisika, anabwera nayo nkhani. Anawaona Ngatirah ndi maso ake mumsika waukulu wa ku Yogya, mzere wachitatu kuchokera pachipata, akugulitsa nsalu pabenchi ya apongozi awo atsopano. Yu Parmi amasunga nkhani monga dengu limasungira madzi. Pofika madzulo mudzi wonse unali utadziwa, ndi Kinanthi yemwe.

Kuyambira tsiku limenelo mtsikanayu anagwira mabuku ndi manja awiri. Aphunzitsi ankamutama kuti ali ndi khama. Khama analidi nalo, koma chimene chinkamudzutsa mbandakucha, madzi ali oundana m'ndowa, sichinali chiwawu cha mbatata. Ankafuna kukaima pamaso pa mayi ake ali mwana wa yunivesite, kuti amuyang'ane n'kunena kuti uyu ndi wanga. Mumtima anali atamanga kale mfundo. Akamulandira, atsala. Akamukana, abwerera, ndipo zifukwa zisanu zija zidzadzionera zokha.

"Walira mvula walira matope," anatero Pak Marjuki akudzuka. "Lachinayi tipitira limodzi. Koma mumsikamo ukalowa wekha."

Panali vuto limodzi, ndipo linali lilime. Ife a kumapiri chilankhulo chathu cha Chijava n'chowongoka ngati mpini wa khasu, ndipo sitichita nacho manyazi mpaka titatsikira kuchigwa. Ku Yogya Chijava chomwecho chili ndi masitepe. Pali mawu oyankhulira mnzako kapena mwana wako, pali oyankhulira mlendo, ndiye pali ena apamwamba zedi onenera munthu wamkulu yekha, oti sungadzinenere wekha ngakhale kumaloto. Kubwera kokhaku kuli ndi mawu awiri. Wamng'ono akapita kukaona wamkulu amati sowan. Wamkulu akafika, anthu amati rawuh, n'kudzuka pamipando. Ana a kumeneko amazidziwa izi asanamere mano. Ife timaziphunzira kusukulu Lachiwiri, n'kuziiwala Lachitatu.

Kinanthi sankafuna kukawachititsa manyazi mayi ake pakati pa anthu osalala pakamwa. Anakonza mawu ake ochepa: Mak, ndine Kinanthi, ndabwera kudzakuonani. Anawaika pamasitepe oyenera, n'kumawabwereza posankha mbatata m'nkhokwe, pamaso pa matumba, mpaka matumbawo akanatha kumuyankha.

Lachinayi ananyamuka atangoswali swala ya m'mawa. Kinanthi ananyamula chikwama cha zovala, osadziwa ngati adzachimasulira ku Yogya kapena kwawo. M'basi sanayankhulane zambiri. Bambo ake ankayang'ana minda ya eni pawindo n'kumaipeza zifukwa. Pamene ankatsika, chisanu cha kwathu chinali chitatsala kutali, ndipo majuzi awo awiri anali okha mumzinda wonse.

Zonse zimene Kinanthi analemba papepala zija zinalipo. Ngolo za akavalo zinkapikisana ndi njinga zamoto, makoma oyera akalekale anali ataima pakati pa masitolo, ophunzira anali paliponse ndi zikwama kumsana. Iye anaziona monga munthu wodwala dzino amaonera chakudya cha paukwati. Atafika pamsika, Pak Marjuki anasankha benchi ya wogulitsa tiyi pansi pa mtengo, tsidya lina la msewu, n'kukhala mopereka msana kuchipata.

"Ndili pano. Isakwane 1 koloko uli m'katimo, yunivesite ili kutali."

"Simulowa ngakhale pang'ono, Pak?"

"Ine nsalu ndili nazo."

Mumsikamo munali kamdima ndi fungo la phula ndi nsalu zatsopano. Timipata tinali tating'ono moti anthu ankadutsana cham'mbali. Ogulitsa ankamuitana uku ndi uku ndi mawu ofewa ngati akunyengerera khanda. Anawerenga mizere. Woyamba, wachiwiri. Pa wachitatu anakhota.

Anawazindikira ali chapatali. Sanayambire nkhope, anayambira kapindidwe ka nsalu. Ankaipanikiza ndi chibwano pachifuwa, manja akukumana m'munsi, monga ankachitira ndi zochapa pakhonde kwawo. Anali atanenepa, khungu litasalala, kumutu mpango wonyezimira, kuzala mphete ziwiri. Kumbuyo kwawo, pakampando, panakhala mayi wokalamba wamagalasi akudzikupiza ndi katoni. Amenewo anali Bu Harjo, kapena tinene Mayi Harjo, eni benchiyo, apongozi aja.

"Takulandirani, Mbak," anatero Ngatirah asanadzutse maso. "Mukufuna yovala nokha kapena ya mphatso? Zolemba pamanja zili uku, zodinda zili..."

Anadzutsa maso, mawu n'kuduka. Kinanthi ali ndi chipumi cha bambo ake ndi milomo ya mayi ake, ndipo palibe mayi angaone milomo yake yomwe pankhope ya mwana n'kulephera kuidziwa. Nsalu ija inapulumuka pachibwano. Anaiwakha isanafike pansi.

"Zodinda zili uku, Mbak," anamaliza. "Sankhani momasuka."

Mbak. Inu. Amenewo ndi mawu olandirira mlendo aliyense wodutsa ndi chikwama. Kinanthi anadzilimbitsa mtima kuti mwina akudikira kuti iye ayambe. Anawerama pang'ono, anagwirana manja monga anaphunzirira, n'kutsegula pakamwa. Liwu loti Mak, loitanira mayi wokubereka, analidumpha. Dzina lake analitchula. Koma pofika pa liwu la kubwera, lomwe lija analibwereza kambirimbiri pamaso pa matumba, lilime linasankha lokha. Linasankha rawuh.

Kwa munthu wa ku Yogya zimenezi zili ngati mlendo kudziyalira yekha mkeka n'kudziuza kuti khalani apa, bwana. Bu Harjo anaseka mpaka kubisa nkhope kukatoni. Mayi wa benchi yoyandikana, amene makutu ake anali kale pamenepo, anakodola mnzake.

"Anzanga inu, dzukani pamipando, kwafika mfumukazi."

"Ya kuti?"

"Ya kumapiri. Simukumva lilimelo? Likununkha kabichi."

"Musamuseke mwana, akuyesetsa," anatero Bu Harjo, iwonso akupukuta misozi ya phwete.

Pamenepo Ngatirah anayankhula asanaganize.

"Iwe, sunena choncho. Wamkulu ndiwe pano? Umati sowan. Zaka zonsezi bambo ako sanakuphunzitse n'kamodzi komwe? Taima bwino. Tsitsa chikwamacho, ukugwetsa nsalu za eni."

Anayankhula Chijava chathu chokhakhala cha kumapiri, ndi kamvekedwe kake konse, mawu a mayi wokalipira mwana wake pakhomo. Ndipo Kinanthi, amene manyazi anali atamugwira mpaka kufuna kulowa pansi, anamva chimwemwe chopusa chikukwera pachifuwa. Amukalipira. Amutcha iwe. Anatsitsa chikwama chija msangamsanga, monga mwana womvera.

Kuseka kunatha. Bu Harjo anasiya kudzikupiza, n'kuyang'ana mpongozi wawo pamwamba pa magalasi.

"Rah, zaka khumi uli pakhomo panga, sindinamvepo zotere zikutuluka pakamwa pako. Ukumudziwa mwanayu?"

Kinanthi anayang'ana mayi ake. Funsolo linali lapafupi, yankho lake liwu limodzi. 

"Ndi mwana wa kwathu, Bu," anatero Ngatirah, mawu atabwerera pamasitepe ake. "Wa anthu oyandikana nawo nyumba. Ndinkamunyamula ali khanda."

Bu Harjo anali munthu wabwino, ndipo n'chimene chinapweteka koposa. Akanakhala ankhanza, Kinanthi akanapeza womuda. M'malomwake anamukokera pafupi, anamufunsa chimene wadzera, ndipo atamva za yunivesite anaomba m'manja pang'onopang'ono.

"Wasankha bwino, mwanawe. Mzinda uno umalera ana a eni. Ine ndaona ana ochokera kuzilumba zakutali akufika osadziwa kumene dzuwa limatulukira, n'kuchoka ali madokotala. Kuno sudzasungulumwa. Lilimelo usadandaule nalo, tidzaliwongola, la mpongozi wangayu linali loposa lakolo. Uzibwera kunyumba Lamlungu, udzadye nafe. Rah ali ndi atsikana awiri, uziwathandiza masamu."

Atsikana awiri. Zimenezo Yu Parmi sanazidziwe.

"Ana a yunivesite amakhala otanganidwa, Bu," anatero Ngatirah msanga. "Tisamuvutitse."

"Basi mupatse nsalu, asachoke chimanjamanja. Yabuluu iyo."

Ngatirah anaikulunga m'pepala mosafulumira, ngodya iliyonse payokha. Kenaka anawerama pamwamba pa mulu wa nsalu kuti apereke, nkhope yawo n'kufika pafupi ndi khutu la Kinanthi.

"Usabwerenso, Nduk. Chonde. Sadziwa kuti ndinali ndi mwana. Akadziwa ndithera panja, ine ndi ang'ono ako omwe." Zala zawo zinafinya dzanja lake mpaka kupweteka. "Wakula. Wakula bwino." Anawongoka, n'kumwetulira kumwetulira kwa pamsika. "Muyende bwino, Mbak. Mukapereke moni kumudzi."

Kinanthi anathokoza. Anathokoza ndi mawu olondola, apasitepe yake yeniyeni, ndipo panalibe woseka.

Panja dzuwa linamumenya m'maso. Mzinda unali pantchito yake yosangalala. Pamphambano gulu lina linkaimba ndi zoimbira zansungwi, anthu akuvina ndi mapewa podikira kuoloka. Ophunzira ovala majekete ofanana ankajambulitsa pakhoma lakale, akukankhana n'kumaseka. Kinanthi anadana nawo mzindawo pompo, ndi mafumu ake, ndi akachisi ake, ndi chakudya chake chotchipa. Anaona kuti ndi mzinda wodziwa kukana munthu ukumumwetulira.

Bambo ake anali pomwe paja. Tiyi anali wosakhudzidwa, ntchentche ikuyenda pamlomo wa tambula. Anayang'ana nkhope ya mwana wawo, kenaka phukusi lija.

"Tiyeni kwathu, Pak," anatero Kinanthi. "Mwawina. Ndikalembetsa ku Wonosobo."

"Khala pansi."

"Tikanyamuka pano, basi ya 2 koloko tiipeza."

"Ndati khala."

Anakhala. Pak Marjuki analoza phukusi ndi chibwano.

"Wakupatsa kapena wagula?"

"Andipatsa."

"Ndiye wandiposa. Ine ndinagula."

Kinanthi anatembenuka kuwayang'ana. Iwo ankayang'ana ntchentche ija.

"Uli ndi zaka zisanu ndi zitatu ndinabwera. Ndinakusiya kwa azakhali ako, ndinati ndikukasaka mbewu. Ndinavala malaya a pa Idi. Ndinafunafuna masiku awiri, ndinamupeza pabenchi yomweyo. Anandiyang'ana, n'kunena kuti, 'Takulandirani, Pak, mukufuna ya mtundu wanji?' Gogoyo ali pomwepo. Ine ndi lilime langali ndikanatani? Ndinaloza ina. Anandikulungira bwinobwino. Ndinalipira." Anaseka pang'ono ndi mphuno. "Ndinaisiya dala m'basi."

"Ndiye munkadziwa, Yu Parmi asanabwere ndi nkhani yake."

"Ndinkadziwa."

"Bwanji osandiuza?"

"Ndikanati chiyani? Kuti mayi ako ali moyo, ali bwino, anenepa, koma sakukufuna? Tayesa iweyo kuuza mwana wa zaka zisanu ndi zitatu zimenezo."

"Nanga chaka chatha? Nanga dzulo, Pak? Munandiona ndikuyankhula ndi matumba ngati wamisala, inu n'kungodutsa."

"Ukanamva? Ukanati bambo akunama kuti nditsale ndiziwaphikira."

Chinali choona, ndipo Kinanthi anakwiya kwambiri chifukwa chinali choona. Anafuna kuwalalatira, koma chimene chinatuluka ndi misozi. Anawafotokozera zonse mosalongosoka, za liwu lolakwika lija, za amayi oseka, za atsikana awiri.

"Anandikalipira, Pak. Anati iwe. Anati Nduk. Kenaka anati ndine mwana wa oyandikana nawo nyumba."

Pak Marjuki anathamangitsa ntchentche ija ndi dzanja.

"Ine sanafike nane pa iwe," anatero.

Kinanthi anatukula phukusi lija kuti aliponye m'ngalande. Bambo ake anamugwira mkono.

"Nsalu ilibe mlandu. Isunge, udzayala pabedi. Mabedi a ana asukulu sudziwa anagonapo ndani."

"Sindikhala kuno ine."

"Tamvera, Nduk." Anatembenuka ndi thupi lonse, chinthu chimene sachita kawirikawiri. "Ine sindikufuna ukhale kuno. Ndikunena poyera, usadzati ndinakuthamangitsa. Ndikabwerera ndekha, m'nyumba muja ndizikayankhula ndi mphaka. Pamene wati tiyeni, mtima wanga wavina. Koma munthu ameneyu anandichotsa mumzinda muno ndi nsalu imodzi, zaka khumi sindinapondemonso mpaka lero. Wailesi ikatchula Yogya ndimasintha. Ndiye achotsenso iwe? Nyumba imodzi anthu awiri? Mzindawu si wake. Anaupeza, ngati mmene waupezera iwemu."

"Ndinadzera mayi anga, Pak. Zinazo ndinangolemba."

"Cha mbatata chija unangolemba?"

Kinanthi anapukuta misozi. Anakumbukira masamba akuda ngati owauka ndi moto, fungo la munda wowola, ndi bambo ake ataima pakati pa mizere manja ali m'chiuno, osatukwana n'komwe.

"Chimenecho si bodza. Koma n'chaching'ono."

"Chaching'ono chomwecho chikwana. Anzako ena adzera magule."

Anadzuka, anasenza chikwama cha mwana wawo paphewa monga amasenzera thumba la feteleza, n'kufunsa wogulitsa tiyi njira ya kuyunivesite. Bamboyo anawayankha mwaulemu wonse kuti alowere kumpoto, akakhotere kum'mawa, ndipo Pak Marjuki anavomera ndi mutu ngati amva, n'kuyamba kulowera kummwera. Kinanthi anawakoka malaya. Sanali atavomera kanthu. Anangoona kuti sangawasiye asochere.

Basi ya mumzinda inkayenda ngati ikupepesa msewu. Pamene ankafika, kunali kutatsala mphindi makumi awiri. M'holomo munali modzaza makolo ndi ana awo. Amayi ankakonza mipango ya ana awo aakazi, ena ankawakankhira timapaketi ta mpunga m'zikwama, wina ankalira mosabisa mwana wake akumuletsa ndi chigongono. Kinanthi anaima pamzere akuyang'ana pansi. Ankachita mantha, ndipo ankadziwa chimene akuopa. Zaka zinayi mumzinda umodzi ndi msika uja. Tsiku lina adzakumana nawo pamsewu atagwira atsikana awiri padzanja, ndipo adzamupatsa moni wa alendo, iye n'kuyankha molondola. Kawiri konse anatembenukira kukhomo. Kawiri konse anapeza bambo ake ataima kumbuyo kwake ndi chikwama paphewa, akutuluka thukuta m'juzi, akuwerenga zolembedwa pakhoma ngati zikuwakhudza.

Patebulo panali mayi wotopa, kompyuta patsogolo pake. Ankayankhula chilankhulo cha boma, chopanda masitepe, ndipo sankayang'ana munthu kumaso. Anatenga mapepala a Kinanthi, anawasanthula, n'kuyamba mafunso.

"Maphunziro?"

"Zaulimi, Bu."

"Dzina la bambo?"

"Marjuki."

"Dzina la mayi wokuberekani?"

"Ngatirah."

"Ali moyo?"

"Ali moyo."

"Wachibale wa mumzinda muno woti timuimbire mukadwala kapena mukachita ngozi. Dzina ndi nambala."

 Zala za mayi uja zinadikira pamwamba pa mabatani. Kumbuyo wina anatsokomola mofuna kuti mzere uyende. Phukusi labuluu lija linali m'khwapa mwa Kinanthi, pepala litanyowa ndi thukuta.

"Muli naye kapena mulibe?" anafunsa mayiyo, tsopano atadzutsa maso.

"Ndilibe, Bu."

"Ali naye," anatero Pak Marjuki. Anatsitsa chikwama, anasendera patebulo, n'kuyamba kutchula nambala ya foni yawo.

Mayi uja anawadula. "Pak, inu mumakhala kuti?"

"Kumtunda kwa Wonosobo."

"Timafuna wapafupi. Mwana akadwala mwadzidzidzi, tiyenera kupeza munthu woti afike msanga."

"Lembani yomweyo. Basi yoyamba imanyamuka 5 koloko. Ndikaiphonya, ndikwera lole ya kabichi. Ndimafika, ine."

Mayiyo anawayang'ana, anayang'ana juzi, anayang'ana Kinanthi, n'kulemba. Kinanthi analira pomwepo, pamaso pa mzere wonse, ndipo nthawi ino sankalirira a kumsika. Bambo ake sanamuone. Anali atawerama patebulo, chala chawo chong'aluka chili pafupi ndi galasi la kompyuta, akubwereza nambala ija imodziimodzi kuopa kuti mayiyo walakwitsa.